Timaswiti ta mtedza ana amagula pa buleki tija muli chakudya chenicheni kapena ndi shuga basi?

Nachisale wa ku Chinamwali

Moni nonse. Ndili ndi funso landizunguza mutu nde ndati ndifunse kuno poti muli anthu osiyanasiyana ena ndinu a zachipatala. Nkhani yake ndi ya timaswiti ta mtedza tija, tophwanthalala tomata ndi shuga wopsereza, tomwe amayi ena amagulitsa pa geti la sukulu komanso anyamata amayenda nato mu depoti mtauni muno. Mwana wanga wa Sitandade 4 watengeka nato koopsa moti mmawa phala akumangolinyambita kenako amayi ndipatseni ya buleki, ndipo ndikudziwa bwinobwino kuti ndalamayo ikuthera pamenepo. Masana akaweruka nsima akudya ndithu koma osati mmene ankadyera kale.

Bambo ake akuti ndimusiye, akuti mtedza ndi mtedza basi, ndi zomwezija amapereka ku sikelo kwa ana onyentchera, chiponde chija, nde mwanayu akupindula. Ine mtima sukuvomera chifukwa ndikatafuna kamodzi ndimangomva shuga yekhayekha mpaka mano kuchita kugwirana. Komanso sindikufuna kumuletsa chinthu choti mwina chikumuthandiza, poti mwanayu ndi wowondako ndi kale ndipo masiku ano dzira kapena mkaka tsiku ndi tsiku si aliyense angakwanitse.

Nde amene mukudziwa tandiuzeni chilungamo, mu kachidutswa kamodzi kaja muli chiyani kwenikweni? Zomanga thupi zilimo zochuluka bwanji nanga shuga? Kangalowe mmalo mwa phala la mmawa? Chonde musangondiuza kuti nzabwino kapena nzoipa, ndikufuna ndimvetse kuti ndikakhala pansi ndi bambo akewo ndikhale ndi poyambira.

Wakabaza pa Matawale

Mayi ine sindine wa zachipatala koma timaswiti timeneto ndimatidziwa chifukwa ndi tomwe timatigwira ife apanjinga. Ukanyamula kasitomala kuchokera ku Matawale kukwera mpaka mtauni kenako kubwereranso, mawondo amachita kunjenjemera ukakhala sunadye, nde ukatafuna tiwiri nkumwera madzi mphamvu zimabwerera pompo. Bola kuposa mabisiketi kapena filizesi, zimenezo sizikhalitsa mmimba. Koma kunena zoona si chakudya choti ungatsamire tsiku lonse, pakangotha kanthawi njala imabweranso ndipo imabwera ndi ukali. Ndikadya mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga wamchere uja ndimatha kufika masana osaganiza za chakudya, koma taswitito ayi. Nde ine ndikuona ngati kwa munthu amene akukhetsa thukuta palibe vuto koma mwana wongokhala pa desiki mwina ena afotokoze bwino.

Madam a Home Economics, Domasi

Asisi a Nachisale funso lanu ndi labwino ndipo bambo a kunyumbawo sakunama kwenikweni, kungoti anena theka la nkhani. Tiyeni tiwerengetsere limodzi chifukwa zinthuzi zilibe pepala lolembapo zomwe zili mkati, nde njira yokhayo nkuona zomwe wophikayo amathira mu poto.

Tiyambe ndi mtedzawo. Mu magalamu 100 a mtedza muli makalori (muyeso wa mphamvu ya mchakudya) pafupifupi 570, zomanga thupi magalamu 26, mafuta magalamu 49, ndi zija zothandiza kuti mmimba muziyenda bwino magalamu 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ndekuti theka la njere ya mtedza ndi mafuta ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Mafutawo ambiri mwa iwo ndi amtundu wabwino uja wosatseka mitsempha. Mulinso vitamini E, foleti, maginiziyamu ndi nayasini yemwe ndi vitamini B3. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa, mtedza uli mgulu la nyemba limodzi ndi nandolo, khobwe, soya ndi nzama.

Nayasini ameneyu ndiimepo kaye chifukwa ife odya nsima ya ufa woyera timamusowa kwambiri, chimanga chili naye wochepa ndipo wochepayo thupi silitha kumuyamwa bwino. Akasowa kumabwera matenda a pelagra, khungu la pakhosi ndi mmikono pomwe pamawomba dzuwa limada nkumasupuka, munthu amatsekula mmimba, mapeto ake mutu umasokonekera. Mu 1990 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala mmisasa kuno kummwera anadwala matendawa oposa 17,000, ndipo chinachititsa kwambiri nchoti mtedza omwe ankalandira pa chakudya chawo unasiya kubwera kwa miyezi ingapo nkutsala ndi ufa ndi nyemba. Nde mtedza musamauone mopepuka, agogo athu pothira nsinjiro mu chisoso, mu nkhwani kapena mu futali ankadziwa chomwe akuchita.

Tsopano shuga. Shuga ndi makalori 4 pa galamu iliyonse basi, mulibe zomanga thupi, mulibe mafuta. Wa Illovo uja amathiramo vitamini A inde, zalembedwa pa paketi, koma chimenecho si chifukwa choti mwana azidyera shuga wambiri, vitamini A angampeze mu mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati ndi masamba obiriwira.

Ambiri ophika timaswititi amathira kapu imodzi ya shuga pa kapu imodzi ya mtedza, ena amaposa pamenepo chifukwa shuga ndi amene amadzadzitsa thireyi. Apa pali kachinsinsi komwe anthu sakaona, kapu ya shuga imalemera magalamu 200 pomwe kapu yomweyo ya mtedza imalemera pafupifupi 145, nde ngakhale makapu akufanana, pa sikelo shuga wachuluka kale. Mukadula thireyi imeneyo tizidutswa 10, kalikonse kakhala ka magalamu pafupifupi 35, mmenemo 20 ndi shuga ndipo 15 kapena kucheperapo ndi mtedza. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4 a shuga, ndekuti kachidutswa kamodzi kali ndi masupuni 5 a shuga. Zomanga thupi ndi magalamu osakwana 4, mafuta magalamu 7, makalori onse pamodzi cha mma 165 ndipo theka lake achokera ku shuga.

Kuti muone kukula kwake, dzira limodzi lili ndi zomanga thupi magalamu 6, ndipo mwana wa msinkhu wa Sitandade 4 amafunika cha mma magalamu 25 mpaka 35 patsiku. Nde kaswitiko kakumupatsa kenakake ndithu sitingakane, koma kuti apeze zomanga thupi za dzira limodzi ndi theka akuyenera adye tiwiri ndi theka, pamenepo wameza masupuni 12 a shuga. Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wothira asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amapeza mchakudya patsiku, kwa wamkulu ndi magalamu 50 kapena kuti masupuni 12, ndipo linati bwino koposa ndi theka la pamenepo, masupuni 6. Wa mwana ndi wocheperapo. Mwana wanuyo ngati wamwa phala kapena tiyi wa masupuni awiri atatu, pa buleki tiwiri ta mtedzato, poweruka filizesi, wadutsa kalekale dzuwa lisanapendeke.

Zomwe anena achimwene a kabaza aja nzoona, mphamvu ya shuga ndi moto wa mapesi, imabwera msanga nkuzimanso msanga. Mtedzawo umachedwetsako pang'ono chifukwa cha mafuta nchifukwa chake timaposa maswiti wamba ndi mabisiketi, koma phala ayi sitingalowe mmalo mwake. Ine ndikanakhala inu ndikanalimbikira kuti phala lithe kaye mu mbale, lothira supuni ziwiri za nsinjiro, kenako kamodzi pa buleki osati tsiku lililonse. Masiku enawo mumangireni mtedza wokazinga wodzadza kadzanja kake ndi nthochi, mtedza wa magalamu 30 wokhawo uli ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 8 popanda shuga wothira.

HSA wa ku Jali

Madam mwafotokoza bwino, ine ndingoyankhako mbali ya chiponde chifukwa imeneyo imandikhudza pa ntchito yanga ndipo maganizo a bambowo ali ndi anthu ambiri kumudzi kuno.

Mayi, chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala. Mtedza ulimo inde, shuga alimonso, koma mulinso mkaka wa ufa wambiri, mafuta ophikira ndi mavitamini ndi michere yoyezedwa bwinobwino monga ayironi, zinki ndi potaziyamu. Mkakawo ndi umene umapereka pafupifupi theka la zomanga thupi mmenemo. Paketi imodzi ndi magalamu 92 ndipo muli makalori 500. Chinayambira ku France mu 1996 ndi dzina loti Plumpy'Nut, ndipo kuno kwathu Dr Mark Manary ndi anzake anachiyesa kumayambiriro kwa zaka za mma 2000 nkuona kuti ana onyentchera kwambiri angathe kuchira ali kunyumba osagonekedwa, kenako bungwe la Project Peanut Butter linayamba kuchipanga ku Blantyre. Sitipereka chisawawa, timayeza kaye mwana mkono ndi kalamba kaja, akagwera pofiira kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, kapena ngati mapazi onse atupa, apo mpomwe amalowa mu pulogalamu, ndipo mapaketi ake timawerengera malinga ndi kulemera kwa mwanayo.

Nde kaswiti ka pa geti la sukulu kalibe mkaka, kalibe mavitamini othira, ndi mtedza ndi shuga wopsereza basi. Musafanizire chonde. Ndipo pomwepa ndipemphe, mukaona wina akugulitsa chiponde cha kuchipatala pa msika musagule, paketi imeneyo yalandidwa pakamwa pa mwana wodwala. Chimandipweteka mtima kupeza mayi akugawa paketi ya mwana wonyentchera kwa ana onse mnyumba mpaka bambo kupaka pa buledi, kenako pa sikelo mwana sakukwera.

Mwati mwana wanu ndi wowondako. Kuwonda kwina ndi kwachibadwa koma ngati mukuona kuti akutsika thupi, akutopa msanga, mmaso ndi mzikhatho mwayera, mupite naye akamuyeze magazi ndi njoka zammimba, likodzo lilipo ndithu mbali zathu zino za ku Chilwa ndipo shuga sangakonze zimenezo.

Zina ziwiri. Mano, shuga womata ameneyu amakanirira mmano akumbuyo kwa nthawi yaitali ndipo tizilombo ta mkamwa timamusandutsa asidi yemwe amabowola dzino, nde akadya azichukucha ndi madzi, madzulo atsuke ndi mankhwala otsukira mano asanagone. Kutafuna pang'onopang'ono tsiku lonse nkoipa kwambiri kuposa kudya kamodzi nkumaliza. China, ngati kunyumbako kuli kamng'ono kake kosakwana zaka 5 musamakapatse njere za mtedza kapena tizidutswa tolimbati, kamatsamwitsa ndipo njere ikalowera ku mapapo ndi nkhani ya ku Central. Kwa ana aang'ono mtedza uzikhala wosinja, mu phala. Komanso alipo anthu ochepa omwe thupi lawo limadana ndi mtedza, akadya milomo imatupa, thupi kuyabwa, kupuma movutikira, ameneyo muthamangire naye kuchipatala osadikira.

Nachisale wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri Madam ndi inu a zaumoyo, masupuni 5 mu kamodzi eti, ndiye iye amagula tiwiri. Ndifunsenso ziwiri poti mwayamba kale kundithandiza. Mlamu wanga akuti bola kumagula za mu shopu zokutidwa bwino zija monga Snickers kapena Lunch Bar chifukwa zili ndi chokoleti ndi mkaka ndipo ndi zoyezedwa, kodi nzoona kuti zimenezo zili bwino kuposa za pa geti? Chachiwiri apongozi anga ali ndi matenda a shuga, amamwa mapilitsi, koma mdzukulu wawo akabwera nato amanyemako akuti mtedza suvuta kwa odwala shuga. Ndiwauze bwanji mwaulemu?

Madam a Home Economics, Domasi

Za mu shopuzo ubwino wake umodzi ndi woti zili ndi pepala loti mungawerenge, koma kunena za thanzi alamu anuwo ndalama zawo zingopita. Titenge Snickers, yomwe kampani ya Mars inayamba kupanga ku America mu 1930. Kamodzi ka magalamu pafupifupi 50 kali ndi makalori cha mma 240 mpaka 250, shuga woposa magalamu 20, mafuta magalamu 12 kapena kuposa, ndipo zomanga thupi ndi magalamu 4 okha kapena kupitirirako pang'ono. Ndekuti ngakhale ndi kokulirapo, zomanga thupi zake zikungofanana ndi kachidutswa ka pa geti kaja, chifukwa mtedza mmenemo ndi wochepa, malo ambiri atenga chokoleti, karamelo ndi zofewa zotsekemera zija. Mafutanso ake ena ndi olimba ochokera ku koko, mkaka ndi kanjedza, osati a mtedza okha. Lunch Bar ya Cadbury nayonso ndi chimodzimodzi, mtedza ulimo koma wasakanikirana ndi wefa, karamelo ndi chokoleti.

Mukagwira paketi ina iliyonse tembenuzani kumbuyo muone mndandanda wa zomwe athiramo, amayamba kulemba cholemera kwambiri nkumatsika. Mukaona shuga kapena glucose syrup ali koyambirira ndipo mtedza uli pakati, mwadziwa kale. Kenako pa kabokosi ka manambala muone mzere wa shuga, mugawe ndi 4 mupeza masupuni. Muonetsetsenso ngati manambalawo ndi a magalamu 100 kapena a paketi yonse poti amalemba mizere iwiri. Zochokera ku South Africa zambiri zimalemba mphamvu mu kJ osati makalori, musadzidzimuke mukaona 1000, mungogawa ndi 4.2 mupeza cha mma 240. Ndipo deti yothera ntchito muziyang'ana, kutentha kwa Okotobala kuno chokoleti chimasungunuka nkuumanso pa shelefu.

Za apongozi anuwo, theka la zomwe akunena nzoona, mtedza pawokha sukweza shuga mmagazi msanga chifukwa uli ndi sitalichi wochepa. Koma mu kaswitiko woposa theka ndi shuga weniweni nde mtedzawo sungaphimbe zimenezo. Musawalande pamaso pa mdzukulu, anthu akuluakulu sakonda kuoneka ngati akulamulidwa ndi mpongozi. Ingowakazingirani mtedza wawo wopanda shuga, mchere pang'ono chabe makamaka ngati ali ndi BP, muwaikire mu kabotolo pafupi ndi pomwe amakhala, kadzanja kamodzi patsiku kakwana. Tsiku la kiliniki yawo ya shuga mupite nawo mufunse funsoli iwo ali pomwepo, akamva kuchokera kwa adokotala savuta. Chinthu chimodzi chokha, odwala shuga omwe ali pa mapilitsi ena kapena jakisoni nthawi zina shuga amatsikitsitsa, amanjenjemera, thukuta, chizungulire, pamenepo mpofunika chotsekemera msanga, koma chabwino ndi madzi osungunulira shuga osati chinthu cholimba chofuna kutafuna.

Mlimi wa ku Thondwe

Anthuni nonse mwakamba za shuga koma ine chimene chimandiopsa pa timaswiti timeneti ndi china, chuku. Ine kwathu nku Mchinji komwe mtedza ndi ulimi weniweni, kuno ndinabwera ndi banja, nde ndakulira mu mtedza, Chalimbana wa njere zikuluzikulu uja, CG7 wofiira wamafuta ambiri, ndimaudziwa kuyambira pokumba mpaka pa msika.

Chuku ndi nkhungu yomwe imamera pa mtedza ndi chimanga zikakhala sizinaume bwino, ndipo imasiya poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti kukazinga sikumutha, kuphika sikumutha, angachepeko pang'ono koma amatsalamo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa ya chiwindi makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo akatswiri amati amathandiziranso kuti ana apinimbire. Dziko lino kale linkatumiza mtedza wambiri ku Ulaya koma msika umenewo unatsika ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi chuku yemweyu, azungu anakhwimitsa malamulo awo.

Tsopano taganizani, munthu wopanga maswiti ogulitsa kwa ana a sukulu amafuna phindu nde pa msika amagula mtedza uti? Ambiri amatenga wotchipa, wosweka, wonyala, wotsala ena atasankha wabwino. Ukangoukuta ndi shuga wofiira uja palibe angaone kuti njere iyi inali yakuda. Sindikunena onse ayi, alipo amayi osamala kwambiri, koma zimachitika ndipo ndi nsinjiro za pa msika ndi chimodzimodzi, mtedza woipa ukasinjidwa wabisala. China chomwe chimandinyansa ndi chizolowezi chowaza madzi pa mtedza wa makoko kuti ufewe posenda, ena amatero kuti ulemere pa sikelo, kenako nkuuthira mthumba ukadali wachinyontho. Pamenepo wamuitana yekha chuku.

Nde mayi wa ku Chinamwali, ngati mwana wanu amakonda zimenezi ine ndingakulangizeni kuti muzigula mtedza wa makoko, muugwedeze kaye, wouma bwino umalira mkati. Musende nokha osanyowetsa, muthire pa lichero panja pounika musankhe, njere yonyala, yakuda, yobooka, yooneka kaufa kobiriwira kapena kachikasu, zonsezo kutaya. Osapatsa mbuzi kapena ng'ombe ya mkaka chifukwa poizoniyo amadutsa mpaka mu mkaka, osapatsanso nkhuku. Thumba lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, likhale pa thandala. Zomba ndi malo amvula ndi chinyontho kusiyana ndi kwathu nde kuno muyenera kusamala kawiri. Ndipo mumuuze mwanayo kuti akatafuna njere yowawa alavule osameza chifukwa choti shuga akukometsa.

Za mmabotolo ndi mmapaketi muziona ngati pali chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS), amenewo ndi amene ali ndi udindo woyeza zinthu zimenezi. Za pa geti palibe amayeza, mumangodalira mtima wa wophikayo.

Mai Geni, Chikanda

Ine ndine mmodzi mwa opanga timaswiti timeneti, ndimagulitsa kwa ana a pa Chanco ndi mmaofesi ena mtauni, nde ndati ndiyankheko nanenso kuti musationele tonse kumodzi. Bambo a ku Thondwe zomwe mwanenazo zimachitikadi sindikana, koma ine mtedza ndimasankha njere ndi njere chifukwa ana anga omwe amadya zomwezo, komanso kasitomala akaluma chowawa kamodzi sabweranso.

Asisi ngati mukufuna kumupangira nokha mwanayo si zovuta. Ine ndimathira makapu awiri a mtedza pa kapu imodzi ya shuga, ndipo Madam angawerengetsere koma pa kachidutswa kofanana ndi kaja shuga amatsikira pa masupuni atatu ndi theka ndipo zomanga thupi zimakwera kudutsa magalamu 5. Kuchepetsa shuga kuposa pamenepo ndi kovuta chifukwa shugayo ndi amene amagwirizitsa, akachepetsetsa zimangoyoyoka podula. Mungathenso kusakaniza ndi chitowe chokazinga pang'ono, chimakometsa fungo ndipo chili ndi kashiyamu.

Kazingani mtedza pa chiwaya moto wochepa mukutakasa mpaka khungu liyambe kusupuka lokha, muusiye uzizire, mufikise mmanja nkupeta. Kenako muuphwanye pang'ono mu mtondo osafika pa nsinjiro, ongoti njere igawike pawiri patatu. Thireyi kapena thabwa loyera mulipakiretu mafuta ophikira, botolo lopanda kanthu mulipakenso mafuta kunja, mpeni ukhale pafupi, zonsezi zikhale tayale musanayambe shuga chifukwa akasungunuka sadikira munthu. Shuga muthire mu poto wouma wokhuthala pansi, makala akhale apang'ono pa mbaula, aziyamba kusungunuka mmbali inu muzingotakasa modekha ndi mthiko mpaka yense asungunuke nkufiira. Akangoyamba kuda ndi kufuka utsi wapserera ameneyo adzawawa. Chotsani pa moto, thirani mtedza ndi kamchere ka pa nsonga za zala, takasani msangamsanga, khuthulirani pa thireyi, falitsani ndi botolo lija nkudula zikadali zofunda, zikazizira mpeni sulowanso zimangosweka mwachisawawa.

Chonde ana asayandikire nthawi imeneyo ndipo musayerekeze kulawa ndi chala, shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu. Akakudontherani ikani dzanja mmadzi ozizira kwa nthawi yaitali osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira monga ena amachitira.

Vuto lalikulu kuno ku Zomba ndi chinyontho, nthawi ya mvula kapena kukachita chiperoni shuga amakoka madzi a mumpweya nde mukazisiya poyera mawa lake mupeza zanyowa zikumata mmanja. Zikangozizira muziike mu botolo lotseka bwino kapena mumange kamodzikamodzi mu timapepala ta pulasitiki, ndipo musapange zambiri nthawi imodzi chifukwa mafuta a mtedza akakhalitsa amayamba kafungo. Tizidutswa ta kunyumba mudule ting'onoting'ono kusiyana ndi togulitsa, makapu awiri ndi imodzi aja amatuluka 20 bwinobwino.